Mpata wa Chikhadabo

Tsiku limene Che Twaibu anabwera kudzaika masoketi
dzuwa la Okutobala linali litawotcha malata,
ngakhale anyamata a kabaza pa Mpondasi
anali atathawira pansi pa mtengo wa nimu.
Anagwada pabalaza, ataluma sikuluwu ziwiri,
nakankhira mawaya atatu m'kabokosi ka m'khoma,
kenako anatenga chivundikiro choyera mbee
ngati dzino longomera kumene.

Chinakana.
Kumanzere chinagwirana ndi khoma bwinobwino,
kumanja chinasiya mpata
woti chikhadabo changa n'kulowa.

"Mangitsani," ndinatero.
Anasekera m'mphuno, sikuluwu ikadali pamlomo.
"Mayi, pulasitiki sakakamiza.
Ndikangopotoza kamodzi kokha, ching'aluka.
Soketi ilibe mlandu.
Bilidala wanu anakwirira bokosi mopendekeka,
nayenso pulasitala ali ndi mimba.
Musadzatsekemo pepala. Ndidzabwera ndi zomatira."
Mpaka lero akubwerabe.

Bilidalayo ndinkamulipira ndi ndalama za ku Joni
zobwera modontha ngati mpopi wa m'chilimwe:
mwezi uno njerwa,
miyezi itatu zii,
kenako matumba anayi a simenti ndi uthenga wopepesa.
Khoma linakula monga ndalamazo,
pena lonenepa, pena lowonda.
Bambo a Shakira analiona pa foni pokha,
ndipo pa foni khoma lililonse ndi lowongoka.

Oyamba kuupeza mpatawo anali nyerere.
Zinkalowa pamzere, zitasenza nyenyeswa za mandasi,
kukagona pafupi ndi moto umene sizikuudziwa.
Ine ndikakolopa ndinkayang'ana kwina.
Koma diso ndi lamwano,
nyumba yonse ya zipinda zitatu, mazenera agalasi,
ilo limathamangira pomwepo.

Anabwera mu Disembala, patatha zaka zisanu ndi chimodzi,
ndi firiji itakulungidwa m'bulangete,
ketulo, ayironi, ndi mawu ena achilendo pa lilime.
Ana a kwa aneba anadzaza pakhonde.
Anagwada pomwe anagwada Che Twaibu,
pulagi ili m'manja.
Mano ake obulungira, onenepa.
Mabowo athu a makona anayi.
Anayesa chonchi, anayesa chonchi,
thukuta likudontha pa simenti yomwe anagula yekha.
Shakira anathamanga kumsika wa pa boma
nabwera ndi adaputa ya mu pepala lonyezimira,
mkhalapakati wolemera
amene atangolowa anakoka chivundikiro,
mpata uja n'kukula pang'ono.

Firiji inalira. Ana anaomba m'manja.

Usiku umenewo pabedi
phewa lake ndi langa zinagundana,
koma kumunsi kwake kunatsala malo
oti mphepo ya fani n'kudutsa.
Anandifunsa za mtengo wa mayunitsi.
Ndinamufunsa ngati kumeneko kumazizira.
Tonse tinayankha bwino.

M'mawa, mzikiti wa kwa M'baluku utangoitana,
ndinamupeza pabalaza ndi tochi ya foni,
chala chachikulu chikuyenda m'mphepete mwa soketi.
"Anapanga zimenezi ndani?"
Ndinkafuna kunena kuti iwe ndi ine,
ndi miyezi ija ya zii,
koma ndinangoti, "Khomalo."
Anatulutsa sikuludiraiva m'chikwama chake cha ku Joni,
yachikasu, yonunkhabe mafuta a galaja ya eni.
Anaika nsonga pa sikuluwu yakumanja.

Ndinamugwira pamkono.
Aka kanali koyamba kumugwira ndisanaganize.
"Osamangitsa."
Anandiyang'ana nthawi yaitali,
kenako anayang'ana nyerere imodzi
imene inatuluka mumpatamo, n'kuima, n'kubwereranso.

Sikuludiraiva ili pa windo mpaka pano.
Akuti abwerera mu Febuluwale, kapena ayi.
Madzi a m'firiji akuzizira.
Ndikamakolopa ndimapita ndi nsanza mpaka pansi pa soketi,
ndimaima pamenepo pang'ono
kumvetsera ngati mkatimo mukulira kanthu.